Apongozi atcha mwana wanga wamkazi dzina lachimuna

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 26, ndimakhala ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, ndi amuna anga. Masiku 12 apitawo ndinabereka mwana wathu wachisamba, wamkazi. Mchombo utagwa, apongozi anga ku Ntcheu anatumiza mawu pa WhatsApp kuti mwanayu ndi Chimwemwe. A Chimwemwe onse amene ndinaphunzira nawo anali anyamata. Ine ndinkafuna Tadala. Bambo a mwana akuti mawu a mayi awo sabwezedwa. M'nyumba sitikuyankhulana bwino ndipo mwana sitinakamulembetse. Nditani?

Wodandaula, Rosettenville

Amayi a mwana,

Mwachita bwino kuchira, ndipo mtima ukhale pansi: apongozi anu sanapatse mdzukulu wawo dzina lachimuna. Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi m'mawu ake. Onse timati "iye". Mayina athu ambiri ndi mawu wamba onena zimene banja likumva pa tsiku limene mwana wabwera: Chimwemwe, Chikondi, Chisomo, Chifundo, Mphatso, Madalitso. Ena ndi ziganizo zathunthu, monga Tiyamike, Takondwa ndi Tadala wanuyo, amenenso anyamata ali nalo. Chimwemwe cha m'nyumba sichikhala chachimuna kapena chachikazi. Pamene timasiyanitsa ndi pa mfunda, mpamene mumamva Naphiri kapena Nabanda. Onani mpira wa kwathu: Chimwemwe Idana wasewerera Flames, Chimwemwe Madise wasewerera Scorchers, timu ya amayi.

Mayina otere anafala kwambiri chifukwa ndi mawu a m'pemphero ndi m'nyimbo za kutchalitchi, ndipo makolo ambiri anayamba kuwakonda kuposa mayina achizungu a paubatizo. Analowanso m'malo mwa mayina a madandaulo ndi okuluwika, a Mavuto, a Ndaziona, a Mwandida, amene agogo ankalasira nawo mnansi kapena mkamwini. Agogo akakhala ndi chakukhosi ndi mpongozi, dzina la mdzukulu ndilo limaulula. Anuwa asankha Chimwemwe. Mvetserani bwino zimene akukuuzani pamenepo.

Ndikuona kuti chimene chakupwetekani ndi chakuti munasenza mimba miyezi isanu ndi inayi kuno kuchilendo, popanda mayi anu pafupi, koma pa dzina palibe anakufunsani. Kudandaula kumeneko nkoyenera. M'madera ambiri mwambo umapereka dzina la mwana woyamba kwa akuchimuna, wachiwiri kwa akuchikazi, koma mwambowo suletsa mwamuna kukhala pansi ndi mkazi wake. Apa bambo a mwana analakwitsa. Auzeni usiku mwana atagona, osati pa gulu la WhatsApp la abale, kuti dzina la agogo mwalilandira ndipo mukupempha kuti lanu likhale lachiwiri: Chimwemwe Tadala. Iwo ndiwo aimbire mayi awo, athokoze kaye, kenako anene za dzina lowonjezera. Inu musatsogole. Akakanitsitsa, imbirani ankhoswe a mbali zonse ziwiri sabata yomwe ino.

Ndikuti sabata ino chifukwa masiku akutha. Lamulo la South Africa limafuna kuti mwana alembetsedwe ku Home Affairs pasanathe masiku 30 chibadwire. Mwatsala ndi 18. Mukapitirira, imakhala nkhani ya kulembetsa mochedwa, yofuna maumboni owonjezera ndi kudikira nthawi yaitali, ndipo kwa ife obwera imavuta kwambiri.

Tengani pepala la umboni wa kubadwa limene anakupatsani kuchipatala, mapasipoti anu nonse awiri pamodzi ndi mapemiti, ndi setifiketi ya ukwati ngati ilipo. Ngati munangochita chinkhoswe popanda setifiketi, pitani nonse, kuti bambo akasaine okha kuvomereza mwana ndipo mwanayo atenge dzina la bambo ake. Fomu yolembetsera mwana ndi DHA-24. Zipatala zina zili ndi ofesi ya Home Affairs mkati momwemo, choncho funsani kaye kumene munachirira. Dziwaninso kuti kubadwira kuno sikupatsa mwana unzika wa dziko lino ngati makolo nonse muli alendo. Setifiketi ya kubadwa kwa mwanayo ndi imene mudzapite nayo ku ofesi ya kazembe wa Malawi pokonza mapepala ake akwathu, ndiponso idzafunidwa polembetsa sukulu.

Pa kalembedwe samalani kwambiri. Lembani mayina onse awiri ndi zilembo zazikulu pa kapepala musanachoke kunyumba, mupereke kwa wolembayo m'malo mongotchula pakamwa. M'Chizulu zilembo "ch" zimatchulidwa ndi kaphokoso kaja ka lilime kuseri kwa mano, ndiye amene sadziwa Chichewa akamva "Chi" akhoza kulemba "Tshi". "Mwe" wachiwiri naye amatha kusanduka "nwe". Werengani chilembo chimodzichimodzi musanachoke pa windo, muonenso kuti zikufanana ndi zimene zili m'kabuku ka kusikelo. Chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa setifiketi ndi pasipoti, mudzavutika pa chipata cha Beitbridge tsiku lopita ndi mwanayu kukaonekera kwa agogo ake, ndipo kukonza kumafuna fomu ina, ndalama ndi kudikira.

Mukatenga setifiketi, ijambuleni pa foni, mutumizire apongozi anu aone dzina lawo lili poyamba. Kunyumba inu muzimuitana Tadala.

Azakhali