Ndalama za mwana wosewera mafilimu

Achimwene, mwafunsa ngati makolo angamasunge okha ndalama za mwana amene wayamba kusewera mafilimu ali wamng'ono. Ine ndikuti ayi.

Taganizirani za Jackie Coogan. Anatchuka ali kamwana mufilimu ya Charlie Chaplin ya mu 1921, n'kupanga ndalama zankhaninkhani. Atakula anapeza kuti mayi ake ndi bambo ake omupeza anadya pafupifupi zonse. Anawasumira mu 1938, ndipo mu 1939 boma la California ku America linakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina lake. Masiku ano kumeneko 15 peresenti ya malipiro a mwana imatsekeredwa kubanki mpaka atakwanitsa zaka 18.

Chimandiwawa n'choti mawu akangoyamba kukula, nkhope yaumwana n'kutha, opanga mafilimu ambiri amasiya kumuimbira foni. Wanuyo mutsegulireni akaunti yakeyake, ndipo sukulu asasiye.