Yankho kwa achemwali ofunsa za MPH ndi mwayi wa maphunziro

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri ndisanayankhe. Mwanena kuti muli ndi digiri ya social work, mwagwira ntchito zaka zinayi ku bungwe lina loteteza ana m'boma la Machinga, ndipo tsopano mtima uli pa digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu, imene ambiri timangoitchula kuti MPH. Chokuopsani ndi choti mwina sakakulandirani poti sindinu dokotala kapena namwino, komanso mukudandaula kuti uthenga wa malo a sukulu ndi thandizo la fizi umakupezani tsiku lotsekera litadutsa kale. Ine njira imeneyi ndinadzera, ndipo maganizo anga ndi oti mulembere ndithu, koma mudziwe kuti chimene chidzakutsegulireni khomo ndi zaka zinayi za ku Machingazo kuposa pepala limene muli nalo.

Sukulu yoyamba kuiyang'ana ndi Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), imene inayamba kuima payokha m'chaka cha 2021 pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinachoka pansi pa University of Malawi n'kuphatikizana. Maphunziro a MPH ali pansi pa nthambi yotchedwa School of Global and Public Health ku Blantyre. Mantha oti maphunzirowa ndi a madokotala okha muwataye. Pamene ine ndinkachita yanga, m'kalasi mwathu munali anamwino, azaumoyo oyendera ukhondo, azakadyedwe ndi ife ochokera ku maphunziro a chikhalidwe cha anthu, ndipo pokambirana chifukwa chimene mayi amachedwera kukayamba sikelo, ife ndi amene tinkakhala ndi zonena zambiri. Komabe zoyenereza munthu kulandiridwa zimalembedwa m'chidziwitso cha chaka chimenecho, choncho muchiwerenge nokha mzere ndi mzere, osadalira zimene ine kapena wina aliyense m'gulu muno akukumbukira.

Chifukwa chimene ndikunenera kuti ntchito yanu ndi chuma chidzamveka ndi nkhani ya kolera. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022, ndipo unayambira m'boma lanu lomwelo la Machinga, unadwalitsa anthu oposa 50,000 n'kupha oposa 1,700 m'dziko muno. Nthawi imeneyo ndinathandizako pa msasa wina wa odwala kolera, matenti awiri kuseri kwa chipatala chaching'ono, ndowa ya madzi a klorini pakhomo ndi mabedi oboola pakati. Usiku wina agogo ena anazula diripi n'kuthawa. Azachipatala anakwiya, ena n'kumati ndi umbuli, koma titawalondola m'mawa tinawapeza atagona pamkeka pakhonde pawo, zidzukulu zitatu zitawazungulira, wamkulu wa zaka zisanu ndi zinayi akuyesa kukoleza moto. Sanathawe mankhwala ayi, anathawira ana amene analibe wowaphikira. Titapeza mayi woyandikana nawo woti ayang'anire anawo, agogowo anabwerera kumsasa osakakamizidwa. Kudziwa kufunsa kuti "kunyumba mwasiya ndani" ndi luso limene inu mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo aphunzitsi a zaumoyo wa anthu amalifuna kwambiri, chifukwa katemera ndi mankhwala zimalephera pamene mafunso otere sanafunsidwe.

Sindikubisirani pamene padzakupwetekeni. Maphunziro awiri amene amagwetsa ulesi ife a social work ndi epidemiology, ndiye kuti kafalidwe ka matenda pakati pa anthu, ndi biostatistics, masamu osanthulira zotsatira za kafukufuku. Ine sabata yoyamba ndinkangoyang'ana bolodi ngati mbuzi yomvera wailesi. Musadikire kalata yokulandirani. Yambani lero kuzolowera Excel mpaka muzitha kusanja maina mazana angapo popanda kutuluka thukuta, kenako muyese pulogalamu yosanthulira manambala yotchedwa R, imene imapezeka mwaulere pa intaneti. Zoyesererapo muli nazo kale: kaundula wa ana amene mwawathandiza, mutachotsa maina awo ndi midzi yawo, angakuuzeni kuti atsikana osiyira sukulu panjira amachuluka miyezi iti ndi m'dera la mfumu iti.

Tsopano za uthenga umene umakupezani mochedwa. Vuto ndi loti mukuudikira pa WhatsApp, kumene chidziwitso chimafika chitadutsa m'manja khumi, china chili cha chaka chatha, china chabodza. Ine ndinapusitsidwapo kamodzi ndi uthenga wolonjeza sikolashipu, wokhala ndi chidindo chooneka bwino, umene unkafuna kuti nditumize ndalama yolembetsera pa nambala ya foni ya munthu. Ndinatumiza, ndipo nambalayo inazima tsiku lomwelo. Sukulu yeniyeni ikafuna ndalama yolembetsera imatchula akaunti ya kubanki ya dzina la sukuluyo. Dzipatseni lamulo loti Lolemba lililonse muziona tsamba la intaneti la yunivesiteyo ndi tsamba lake la Facebook, ndipo muzisuzumira zidziwitso za m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times. Mukakopeka ndi sukulu ina yomwe si ya boma, yambani mwafufuza ku National Council for Higher Education ngati maphunziro enieniwo ndi ovomerezeka, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene kosi imene mukufunayo sinavomerezedwe.

Koma mwayi wambiri umene ndauonapo sunayambire m'nyuzipepala. Unayambira pafupi ndi kafukufuku. Ku Blantyre, pambali pa chipatala cha Queen Elizabeth, pali Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ndi Johns Hopkins Research Project. Ku Lilongwe kuli University of North Carolina (UNC) Project pafupi ndi Kamuzu Central Hospital. Ku Karonga ndi ku Lilongwe kuli Malawi Epidemiology and Intervention Research Unit (MEIRU). Mabungwe amenewa amalemba anthu ocheza ndi otenga nawo mbali m'kafukufuku, otsogolera zokambirana za m'magulu ndi olumikizana ndi mafumu, ndipo ntchito zimenezi zimamuyenera munthu wa social work wodziwa kulankhula ndi anthu a kumudzi. Ngati mumalankhula Chiyao, monga ambiri ogwira ntchito ku Machinga ndi ku Mangochi, chilembeni pamwamba pa CV yanu, osati kumapeto. Munthu akalowa m'malo otere amamva za thandizo la maphunziro lisanalengezedwe kutali, ndiponso amapeza akuluakulu omudziwa bwino oti amulembere kalata yomuchitira umboni. Yunivesite ya KUHeS imachititsanso msonkhano wofalitsa zotsatira za kafukufuku, ndipo ndikukulimbikitsani kuti mukapezekeko ngakhale kamodzi, mukamvetsere, nthawi ya tiyi mukadzidziwitse kwa mphunzitsi amene nkhani yake yakhudza ntchito yanu. Safunsa anadya phula, achemwali, ndipo aphunzitsi ambiri amakondwa kukumana ndi munthu wochokera kumene zinthu zikuchitikira.

Za kunja ndinene mwachidule. Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, imalipirira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi ku Britain, imafuna munthu amene wagwira ntchito zaka zosachepera ziwiri, ndipo imayembekezera kuti mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. Kulembera kumatsegulidwa cha mu Ogasiti. Commonwealth Scholarship ilinso ndi njira yophunzirira muli konkuno kudzera pa intaneti, imene ingakukomereni ngati simukufuna kusiya ntchito kapena ana. Mpikisano wake ndi waukulu, choncho muzilembera kunja ndi kuno nthawi imodzi.

Pa mapepala ndiye musachite chidodo. Ine chaka choyamba ndinalephera kulembera chifukwa chikalata cha magiredi anga chinatenga masabata ambiri kuti chituluke ku ofesi ina, ndipo chinandipeza khomo litatsekedwa. Itanitsani chanu panopa, mujambulitse makope a satifiketi yanu n'kuwadindiritsa, ndipo anthu awiri okuchitirani umboni muwapemphe kusanathine, mmodzi mphunzitsi wanu wakale, wina bwana wanu wa pantchito. Abwana anuwo muwauze poyera za cholinga chanu, chifukwa ngati mudzaphunzira muli pantchito mudzafunika masiku ochoka, ndipo nkhani ya tchuthi ndi fizi imayenda bwino ikakambidwa kalata isanabwere. Ntchito musasiye mpaka mutadziwa kumene fizi ya chaka chonse ichokere.

Pali funso limodzi limene ndikufuna mudzifunse moona mtima. Ngati chimene chimakusangalatsani ndi kukhala ndi mwana mmodzi, kutsatira nkhani yake kuchokera kwa mfumu mpaka ku khoti la ana motsata lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010, ndiye kuti MPH ikhoza kukuchotsani pa ntchito imene mumaikonda, chifukwa idzakukhazikani kwambiri pa manambala, malipoti ndi mapulani a boma lonse. Zikatero kuli bwino kuzamitsa social work yomweyo. Koma m'funso lanu mwalemba kuti mwatopa kubweza atsikana m'mabanja mmodzimmodzi pamene ena akulowamo, ngakhale malamulo aakulu oyendetsera dziko lino anakweza zaka zokwatiwira kufika pa 18 m'chaka cha 2017. Mawu amenewo kwa ine akumveka ngati a munthu amene wayamba kale kuganiza za dera lonse, ndipo ndi chifukwa chake ndikuti lemberani.

Sabata ino lembani tsamba limodzi lokha lofotokoza vuto limene mwaliona ndi maso anu ku Machinga, anthu amene likuwakhudza, ndi funso limene mukufuna kulifufuza. Tsamba limenelo ndi limene lidzasanduke kalata yanu yofunsira malo, ndipo mwina mutu wa kafukufuku wanu. Mukalemba munditumizire kumbali, ndidzaliwerenga Loweruka.