"Akufuna kundilowetsa paipi kukhosi": yankho kwa mayi amene akuopa endoscopy

Mayi wina wa zaka 44, mphunzitsi wa ku pulayimale, wanditumizira imelo iyi. Dzina ndasunga, ndipo ndaifupikitsa pang'ono:

"M'mimba mwakhala mukundipweteka kwa miyezi yambiri, cham'mwamba muno pomwe nthiti zimakumana. Pena kumatentha, pena ndimangokhuta ndikadya pang'ono. Anandiyeza malungo, taifodi ndi mkodzo, sanapeze kanthu. Omeprazole ndamwa mpaka ndatopa naye. Tsopano adokotala andilembera kuti ndikachite endoscopy, akuti ndibwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ndili ndi mantha. Munthu amapuma bwanji paipi ili kukhosi? Kodi amagoneka? Nanga kunditumiza kumeneko ndiye kuti akuganizira khansa koma sakufuna kundiuza? Anzanga akuti ndi alsazi basi, ndizingomwa mkaka."

Mayi, zikomo polemba. Pitani, ndipo tsiku limene akupatsanilo musalisunthe. Makina amenewa ndi madokotala odziwa kuwagwiritsa ntchito ndi ochepa m'dziko muno. Amapezeka m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi m'zipatala zina zolipira, choncho mukaphonya tsiku, lina limabwera mochedwa.

Ndiyambe ndi anzanuwo. Kwathu kuno ululu uliwonse wa pamwamba pa mchombo timauweruza msanga kuti ndi alsazi. Munthu amasiya nyemba, tsabola, malalanje ndi zakumwa za gasi, n'kumayenda ndi omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'chifu, m'chikwama zaka ndi zaka, chonsecho palibe amene anachionapo chilondacho. Chilonda cha m'chifu sichioneka m'magazi, ndipo sikani ija amakuyendetsani kachida pamimba atakupakani mafuta nayonso sichiona. Kuti dokotala anene motsimikiza kuti chilonda chilipo, ayenera kusuzumira m'katimo ndi maso ake, ndipo ntchito ya endoscopy ndi imeneyo. Mkaka umaziziritsadi kwa kanthawi, koma ukangotha m'chifu asidi amabweranso, ndipo palibe chilonda chimene chimapola ndi mkaka.

Funso lanu la khansa sindilizemba. Anthu ambiri amene amatumizidwa ku endoscopy chifukwa cha ululu ngati wanuwu sapezeka ndi khansa. Dokotala akaona kuti mankhwala mwamwa mokwanira koma palibe chikusintha, chotsatira n'kukaona m'katimo, osati kumangowonjezera mapilitsi mongoganizira. Komabe madokotala a kuno ali ndi chifukwa chomveka chosazengerezera. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero imapezeka kwambiri padziko lonse, ndipo odwala ambiri amafika kuchipatala mochedwa, nsima itayamba kale kukakamira pachifuwa, kenako phala, pomaliza ngakhale madzi. Inu simunatchule zoterezi. Koma ngati chakudya chikumakakamira pomeza, ngati mukuonda osadziwa chifukwa, mukusanza pafupipafupi, kapena anakuuzanipo kuti magazi ndi ochepa m'thupi, bwererani kwa dokotala mukanene kuti akufulumizitseni. Kusanza magazi ndi chimbudzi chakuda bii chonanda, zimenezo n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kaya masana.

Tsopano paipiyo. Ndi kachubu kofewa, kopindika, konenepa ngati chala chanu chaching'ono, ndipo kunsonga kwake kuli nyali ndi kamera. Kamalowa pakamwa, kutsika kummero, kufika m'chifu, n'kupitirira pang'ono mpaka poyambira matumbo aang'ono, dokotala akuona zonse pa sikirini. Kukhosi kuli njira ziwiri, ya mpweya kutsogolo ndi ya chakudya kumbuyo. Kachubuko kamatsata ya chakudya, momwe mumadutsa mbamu ya nsima tsiku ndi tsiku, ndipo ya mpweya imakhala yotsegula nthawi yonse. Mupuma ndithu. Chimene simungathe ndi kuyankhula, ndiye musanayambe gwirizanani ndi anamwino kuti mukakweza dzanja ayambe aima.

Mukafika adzakufotokozerani, musaina fomu, muvula magalasi ndi mano oikirira ngati muli nawo. Kenako adzakupoperani kukhosi mankhwala ochititsa dzanzi otchedwa lidocaine. Ndi owawa koopsa, ndipo pakapita kamphindi mudzamva ngati kukhosi kwatupa. Sikunatupe, ndi dzanzi chabe. Mudzagona chammbali, cha kumanzere, mutaluma kapulasitiki koteteza mano anu ndi kachubuko. Povuta penipeni ndi poyamba, pamene akukuuzani kuti mezani. Pamenepo thupi limakana, nseru imabwera, misozi imalengeza. Kakangodutsa pakhosi zinthu zimapepuka. Adzapopera mpweya m'chifu kuti makwinya ake atambasuke, choncho mimba idzafufuma ndipo mudzageya mokweza. Musachite manyazi, m'chipinda chimenecho aliyense amageya. Malovu musalimbane nawo kuwameza, asiyeni atsike okha, anamwino ali ndi kachida kowayamwira. Inu ntchito yanu ndi imodzi: kupuma pang'onopang'ono, kuwerenga mumtima. Zonsezi zimatenga mphindi zapakati pa 5 ndi 15. Sindikunamizani kuti n'zokoma, koma si ululu ngati wa kuzula dzino kapena wa pobereka. N'kusautsa kwa kanthawi.

Chida chopindikachi anachipanga ndi dokotala wobadwira ku South Africa, Basil Hirschowitz, pamodzi ndi anzake pa yunivesite ya Michigan ku America mu 1957, ndipo woyamba kuchimeza anali iye mwini asanachiyese pa wodwala. Cha masiku ano n'chofewa komanso chowala kuposa chakecho.

Za kugoneka. Kugoneka kwenikweni kwa ku opaleshoni sikufunika pa kuyeza kotere. Pali njira ziwiri: kupopera kukhosi kokha, kapena kuwonjezerapo jakisoni wa mumtsempha, kawirikawiri midazolam, amene amakufooketsani n'kukuchititsani tulo pang'ono, moti ambiri akadzuka sakumbukira chimene chachitika. Jakisoniyo ali ndi zovuta zake. Muyenera kubwera ndi gadiyani wokuperekezani kunyumba, ndipo kwa maola 24 simuyendetsa galimoto, simumwa mowa, simusaina mapepala ofunika. Ine ndingawonjezere kuti musakwerenso kabaza wa njinga yamoto muli dzandidzandi. Maganizo anga ndi akuti amene angapirire asankhe kupopera kokha, chifukwa amatuluka mutu uli bwinobwino n'kumva zonse zimene dokotala wapeza. Koma ngati mantha anu ndi aakulu, kapena mumachita nseru ngakhale potsuka m'kamwa, kupempha jakisoni si kufooka. Funsani pasadakhale kuti kumene mukupitako amachita ziti. Ndipo ngakhale musankhe kupopera kokha, pitani ndi munthu, makutu awiri owonjezera amathandiza.

Ena amada nkhawa kuti chida chimodzimodzicho chimalowa mwa anthu ambiri. Wodwala aliyense akatha, kachubuko amakatsuka kunja ndi m'kati, n'kukaviika m'mankhwala amphamvu opha tizilombo, kuphatikizapo HIV ndi ta matenda a chiwindi. N'chifukwa china chimene mzere umayendera pang'onopang'ono.

Kukonzekera ndiko kumene anthu ambiri amalakwitsa. M'chifu muyenera kukhala mopanda kanthu, ndiye musadye kwa maola osachepera 6, ndipo ngati pepala lanu likunena kuti kuyambira pakati pa usiku, tsatirani pepalalo. Kaphala kam'mawa ndi tiyi wamkaka ndi chakudya ndithu, musadzinamize. Chakudya chimabisa chilonda, komanso mukasanza muli ndi dzanzi kukhosi chikhoza kulowera m'mapapo. Ngati muli ndi shuga, nenani msanga kuti akuuzeni mochitira ndi metformin kapena insulin, mwinanso akuikeni koyambirira. Ngati mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, clopidogrel kapena aspirin, nenani, koma musasiye nokha. A BP ndi ma ARV funsani nthawi yomwera. Ngati mukukayikira kuti muli ndi pakati, nenaninso.

Pali china chokhudza inuyo makamaka. Omeprazole amene mwatopa nayeyo amatha kuphimba zimene akufuna kuona. Amapoletsa chilonda pamwamba, ndipo amachepetsa kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori moti poyeza kangaoneke ngati palibe. N'chifukwa chake madokotala ambiri amauza munthu kusiya omeprazole milungu iwiri tsiku lisanafike, ndi kuti pakhale patapita milungu inayi chimwereni maantibayotiki. Imbani foni kapena pitani mukafunse lero, musadikire kukamva zimenezi muli kale pabedi. Mukawauzenso mosabisa za Brufen, diclofenac kapena Indocid ngati mumagula pagolosale mutu kapena msana ukamapweteka, ndi za mankhwala azitsamba ngati munamwapo. Mapilitsi opha ululu amenewa amakanda chifu, ndipo pamodzi ndi kachilombo kaja ndiwo amayambitsa zilonda zambiri za m'mimba. Tsabola ndi nkhawa zimangokolezera ululu.

Kachilomboka n'koyenera kukadziwa. Kale madokotala ankakhulupirira kuti m'chifu simungakhale chamoyo chifukwa cha asidi. Madokotala awiri a ku Perth ku Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall, anakapeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anzawo osawakhulupirira, mpaka mu 1984 Marshall anamwa madzi okhala ndi tizilomboto n'kudwaladi m'mimba. Mu 2005 analandira mphoto ya Nobel. Ambiri timakatenga tili ana, ndipo kuno ku Africa kali mwa anthu ochuluka zedi, ambiri osadwala nako. Mwa ena kamatupitsa chifu, kamayambitsa zilonda, ndipo pakapita zaka zambiri kangathandizire khansa ya m'chifu. Ubwino wake kamafa. Amapereka omeprazole pamodzi ndi maantibayotiki awiri, monga amoxicillin ndi clarithromycin kapena metronidazole, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Ndi mapilitsi ambiri ndipo amasiya kukoma kwa chitsulo m'kamwa, koma mukasiyira panjira kachilomboko kamalimba.

Pofuna kuyeza kachilomboka, kapena akaona malo okayikitsa, adzatsina kanyama kakang'ono kwambiri m'chifu n'kutumiza ku labu. Simudzamva kupweteka. Kumeneku ndiko amati biopsy, ndipo mukamva akunena zimenezi musagwe mphwayi, amatenga mwa anthu ambiri, ngakhale m'chifu mukuoneka bwino.

Zina zimene amapeza kawirikawiri ndi kufiira kwa chifu, kupsa kwa kummero chifukwa cha asidi wobwerera m'mwamba amene amadzetsa chilungulira, fangasi woyera kummero makamaka mwa amene chitetezo chatsika, ndi mitsempha yotupa kummero mwa amene chiwindi chinawonongeka ndi likodzo, mowa kapena hepatitis B.

Koma konzekeraninso kumva kuti sanapeze kanthu, chifukwa zimachitika kwambiri. Anthu amatuluka atakhumudwa, ena atakwiya, poganiza kuti ndalama ndi mantha zapita pachabe kapena kuti dokotala akuwayesa onama. Ine ndimati yankho limeneli ndi lamtengo wapatali. Mwadziwa kuti mulibe chilonda, mulibe chotupa, ndipo nyemba zanu mukhoza kuyambiranso. Pali vuto limene madokotala amalitcha functional dyspepsia, pamene chifu chimaoneka chabwino koma chimamva ululu msanga kapena chimachedwa kukankha chakudya. Ululuwo ndi weniweni ndipo uli ndi chithandizo chake, kuphatikizapo amitriptyline wochepa womwa usiku kwa ena. Komanso kamera ija imaona kummero, chifu ndi poyambira matumbo basi. Ndulu siiona, chiwindi siichiona, mtima siiuona. Mayi wa msinkhu wanu amene ululu umakula akadya zamafuta, makamaka cha kumanja kunsi kwa nthiti, ayenera kujambulidwa sikani kuona ngati mu ndulu muli timiyala. Funsani dokotala kuti, "Popeza kuno kulibe kanthu, tiyang'ane kuti tsopano?"

Akamaliza, musadye kapena kumwa kwa pafupifupi ola limodzi mpaka dzanzi lithe, kuopa kutsamwa. Yambani ndi madzi pang'ono. Kukhosi kumakanda tsiku limodzi kapena awiri, mimba imakhala yodzaza mpweya kwa maola angapo. Ngozi zazikulu monga kubooka kwa kummero kapena kutaya magazi sizichitika kawirikawiri, koma mukamva ululu waukulu pachifuwa kapena m'mimba, kutentha thupi, kubanika, kapena mukasanza magazi, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo.

Musatuluke opanda lipoti m'manja, ndipo pemphani kuti zimene apeza azilembenso m'buku lanu la kuchipatala. Lijambuleni pafoni. Ngati atenga biopsy, funsani zinthu zitatu musanachoke: apita nayo ku labu iti, zotsatira mudzazitenga liti, ndipo mudzazitenga kwa ndani. Zotsatira zimatha kutenga milungu ingapo, ndipo zina zimangogona mu faelo chifukwa mwiniwake anaganiza kuti akapanda kuimbiridwa ndiye kuti zonse zili bwino. Tsiku limene akuuzanilo likafika, pitani mukazifunse nokha.