Mafunso a Owerenga: Kodi mafuta a lavenda amachotsadi zipsera?

Funso: Ndinagula kabotolo ka mafuta a lavenda mnzanga atandiuza kuti amathetsa ziphuphu ndi zipsera, ndiponso kuti amapoletsa bala la moto. Kodi zimenezi n'zoona, nanga ndingamudzoze mwana wanga wamwamuna wazaka 7?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanadzole, chifukwa zimene munamvazo zili ndi choonadi pang'ono chabe.

Lavenda ndi chitsamba cha maluwa apepo chimene kwawo ndi kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo chili m'banja limodzi ndi mpungabwi wathu uja wothamangitsira udzudzu. Aroma akale ankathira lavenda m'madzi osamba, ndipo lero mafuta ake ambiri amachokera ku Bulgaria ndi ku Provence m'dziko la France, kumene amawatcheza ndi nthunzi kuchokera ku maluwa.

Mbiri yoti amapoletsa mabala a moto inatchuka chifukwa cha René-Maurice Gattefossé, katswiri wa mankhwala wa ku France, amene anapsa dzanja mu 1910 n'kupaka mafutawa pabalapo. Komatu zimenezi zinachitikira munthu mmodzi, pa nthawi imene mankhwala amakono opha mabakiteriya kunalibe. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20, ndipo ngati bala ndi lalikulu kapena wapsayo ndi mwana, thamangirani kuchipatala osapakapo kanthu.

Pa ziphuphu, mafutawa amaphadi tizilombo tina akawayesa mu labotale, koma umboni woti amachiza khungu la munthu ndi wochepa, ndipo musayembekezere kuti zipsera zakale zichoka. Ubwino wodalirikako ndi wa fungo lake, limene limathandiza ena kukhazika mtima pansi ndi kupeza tulo.

Ngati mukufunabe kudzola, musapake mafutawa okhaokha, chifukwa ndi amphamvu kwambiri. Sakanizani dontho limodzi ndi supuni yaing'ono ya mafuta a mpendadzuwa kapena a kokonati, pakani pang'ono pamkono, ndipo dikirani masiku awiri kuti muone ngati sipakuyabwa kapena kutupa. Muzitseka botololo mwamphamvu n'kulisunga pamalo ozizira komanso amdima, makamaka m'kutentha kwa Okutobala kuno ku Lilongwe, popeza linalool, chinthu chimene chimanunkhiritsa lavenda, chikakhalitsa pampweya chimasintha n'kuyamba kuyabwitsa khungu.

Za mwanayo, ine ndikukuletsani. Mu 2007, magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inalemba za anyamata atatu aang'ono amene anayamba kutupa mawere atagwiritsa ntchito zodzola ndi zosambira zokhala ndi lavenda, ndipo kutupako kunatha atazisiya. Akatswiri akutsutsanabe ngati lavendayo ndi amene anachititsa, koma palibe phindu limene mwana wazaka 7 angapeze loyenera kumuikira pachiswe chotere. Kabotoloko muzikaika pamene iye sangafikire, pakuti mafutawa ndi oopsa mwana akawamwa.