Musagule mahedifoni ena, achimwene

Achimwene, ndawerenga zimene mwalemba, kuti wapolisi wa trafiki anakuimitsani pa Kafue Road cha ku Makeni mu Lusaka n'kukuuzani kuti muchotse mahedifoni m'makutu, ndipo mukufunsa ngati anali ndi mphamvu yotero, komanso mtundu wa mahedifoni umene mungagule kuti muzimva bwino mapu ndi makasitomala poyendetsa takisi yanu. Yankho langa mwina silikukomerani, koma ndikuti musagulenso ena, ndalamayo ili ndi ntchito ina imene nditchule kumapetoku.

Malamulo a pamsewu kuno kwathu ku Zambia ali mu Road Traffic Act ya 2002, lamulo lomwe linakhazikitsanso RTSA, bungwe loona za mayendedwe ndi chitetezo pamsewu. Aliyense amadziwa kuti kugwira foni m'manja uku ukuyendetsa ndi mlandu, n'chifukwa chake madalaivala ambiri amaganiza kuti akavala mahedifoni athana nazo, popeza manja onse awiri ali pachiwongolero. Amaiwala kuti m'lamulo lomwelo mulinso mlandu wa kuyendetsa mosasamala, umene sudikira kuti foni ipezeke m'manja. Wapolisi akaona kuti simunamve hutala, kapena mwachedwa kupatukira ambulansi, ali kale ndi poyambira. Mayiko ena anafika potchula mahedifoniwo m'malamulo awo: France inawaletsa mu July 2015 kwa oyendetsa galimoto, njinga zamoto ngakhalenso njinga zakapalasa, pamene ku California n'koletsedwa kutseka makutu onse awiri. Nkhawa ya wapolisi uja siinachokere m'mutu mwake yekha.

Ine chimene chinandisiyitsa kuvala mahedifoni poyendetsa si chindapusa ayi. Tsiku lina m'mawa ndinali pa Great East Road, pamzere wa magalimoto umene umapanikizana cha ku Munali, ambulansi n'kutulukira kumbuyo ikulira, ikuthamangira ku chipatala cha Levy Mwanawasa. Tonse tinadzipanikiza m'mbali, ngakhale oyendetsa minibasi amene sadziwika ndi kupatsa mnzawo njira, koma Corolla imodzi yoyera inangokhala pakati pa msewu ngati yafa injini. Anthu anaimba mahutala mpaka kutopa. Pamapeto pake kondakitala wina anatsika n'kukamenya galasi ndi chikhatho, ndipo m'pamene tinaona mnyamata akudzidzimuka, akusolola timahedifoni toyera m'makutu. Sanali woledzera kapena wamwano, anali chabe asakumva. Ndinachita manyazi chifukwa nanenso ndinali nditavala tanga m'mawa womwewo.

Mu Lusaka khutu limagwira ntchito imene magalasi a galimoto sangaikwanitse. Wa njinga yamoto amene akudutsa pakati pa mizere iwiri mumayamba mwamumva musanamuone, chimodzimodzinso wokankha wilibala pa Lumumba Road akamakuwa kuti mumpatse njira, kapena tayala likayamba kulira mwachilendo. Mahedifoni odula aja amene amaletsa phokoso lakunja ndiwo oipa koposa pa ntchito yanu, chifukwa anapangidwira kuchotsa mawu omwewo amene dalaivala amawafuna.

Mukadzaimitsidwanso, yatsani indiketa, imani pambali pabwino, tsitsani galasi, ndipo m'khutu musakhale kanthu pamene wapolisi akufika pawindo. Kuyankha munthu wa yunifolomu uli ndi waya m'khutu kuli ngati kulonjera apongozi uli ndi chipewa kumutu, nkhani imayamba kale molakwika. Perekani moni, onetsani laisensi, ndipo mapepala a msonkho wa pamsewu, inshuwalansi ndi fitinesi akhale osatha masiku. Akanena kuti mwalakwa, funsani mwaulemu dzina la mlanduwo ndi gawo la lamulo limene akukuimbirani, chifukwa kufunsa kotere si mwano. Ngati mukuvomera, lipirani motsata njira ya boma ndipo mulandire lisiti. Ngati mukukana, malo otsutsira ndi kukhoti, osati m'mbali mwa msewu makasitomala akudikira pampando wakumbuyo. Za nchekeleko musaziyambe n'komwe, pakuti wopereka ndi wolandira onse ali pa mlandu wa ziphuphu, umene ndi waukulu kuposa umene anakuimitsirani.

Tsono ndalama ija mugulire kogwirira foni kokakamira pa dashibodi, muikepo foni pamalo amene maso angafike osachoka pamsewu nthawi yaitali, ndipo mawu a mapu azituluka m'masipika a galimoto. Ngati wailesi yanu ilibe Bluetooth, m'masitolo a ku Kamwala ndi m'tauni mumapezeka kachipangizo kolowetsa pamalo oyatsira fodya, kamene kamatenga mawu a foni n'kuwatumiza ku wailesi ngati siteshoni ya FM. Apa chenjerani ndi chimodzi: mawailesi ambiri a magalimoto akale ochokera ku Japan amagwira masiteshoni a FM oyambira pa nambala 76 n'kuthera pa 90, pamene kachipangizoka kamayambira pa 87.5 kupita m'mwamba, choncho muyenera kufunafuna malo opanda siteshoni pakati pa 87.5 ndi 90. Mukayese m'galimoto mwanu wogulitsa ali pomwepo musanapereke ndalama.

Vuto lokhalo n'lakuti amene mwanyamula azimva zonse zimene mukulankhula pafoni. Akaimba a kunyumba, auzeni kuti muwaimbira mukatsitsa kasitomala.