Mayi akunyumba akungolira chichirireni, kusikelo akuti alowe m'kafukufuku

Bambo wina wa ku Area 25 watilembera imelo. Akuti akazi awo anachira miyezi iwiri yapitayo, koma chitulukireni chikuta sakupeza tulo ngakhale mwana atagona, akungolira, nsima sakuifuna, ndipo pena akumanena kuti iwo ndi mayi wachabechabe. Kusikelo namwino anawafunsa mafunso angapo, kenako n'kuwapempha kuti alowe m'kafukufuku wa matenda a maganizo. Apongozi akukana, akuti anthu adzati mwana wawo wapenga, bola apite naye kwa sing'anga. Funso la bamboyu ndi lakuti, awalole mayiwo kapena awakanize?

Bambo, nkhani ziwiri zalukana m'funso lanuli ndipo tiyenera kuzilekanitsa. Thandizo la kuchipatala ndi nkhani ina, kafukufuku ndi nkhani inanso. Thandizo mayiwo akufunika sabata ino, kaya alowa m'kafukufuku kaya salowa.

Amayi ambiri akangochira amakhala olira msanga ndi okwiya msanga kwa masiku ochepa, ndipo zimatha zokha pasanathe masabata awiri. Zikapitirira apo, monga zilili kwanu, imakhala nthenda yeniyeni yovutika maganizo yomwe imagwira amayi akabereka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati m'mayiko osauka imagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 5 alionse. Tayang'anani mzere wa kusikelo, amayi atakhala pabenchi ana ali kumsana, muwerenge asanuasanu. Akazi anu sali okha, kungoti anzawowo sanena.

Mafunso amene namwino anafunsa aja mwina anali a EPDS kapena a PHQ-9, mindandanda iwiri ya mafunso opimira kuvutika maganizo. A EPDS alipo 10, anapangidwa ku Edinburgh mu 1987, ndipo amafunsa za masiku 7 apitawo. A PHQ-9 alipo 9, amafunsa za masabata awiri, yankho lililonse limapatsidwa malikisi kuyambira 0 mpaka 3, ndipo akakwana 10 kapena kuposa ndiye kuti munthuyo ayenera kuonedwa bwinobwino. Onse awiri anamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa kuno ku Malawi. Ntchito imeneyo anaigwira ndi ochita kafukufuku, ndipo popanda iyo namwino uja akanangoyeza mwana, n'kulemba m'buku, n'kuitana wotsatira.

Uphungu wa Friendship Bench nawonso unabadwa choncho. Unayambira ku Harare ndi Dr Dixon Chibanda: agogo ophunzitsidwa amakhala ndi wodwala pabenchi panja pa chipatala maulendo 6, kumuthandiza kusankha vuto limodzi, kuligawa, n'kupeza chochita sabata imeneyo. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti patapita miyezi 6, mwa amene anakhala pabenchi, 14 pa 100 alionse ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo, pomwe mwa amene analandira thandizo la masiku onse anali 50 pa 100. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za mu Lilongwe muno.

Tsono za kulowa kapena kusalowa. Tinene mosabisa mawu, wosankha ndi mayiwo, osati inu kapena apongozi. Gawo lanu ndi kuwaperekeza ndi kufunsa nawo mafunso. Kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa olowamo, monga NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena COMREC ya kusukulu ya madokotala ku Blantyre, ndipo dzina la komitiyo ndi nambala yake ya foni zimalembedwa pafomu yovomereza. Pemphani fomu ya Chichewa, muiwerenge mofatsa, ndipo akasayina kapena kudinda chala akupatseni kope lanu. Funsani kuti azibwera kangati, kukambiranako kuzichitikira m'chipinda chanji, mawu adzajambulidwa kodi, ndipo dzina lawo lidzasungidwa pati. Funsaninso kuti kafukufuku akadzatha thandizo lidzapitirira kuti. Apa ndi pamene ambiri amaiwala, n'kudzadabwa tsiku lomaliza. Ngati akufuna kutenga magazi akuuzeni kuchuluka kwake ndi ntchito yake. Ndalama imene ena amapereka ndi yobwezera mayendedwe ndi nthawi, isakhale chifukwa cholowera. Mayiwo ali ndi ufulu wokana, kapena kutuluka pakati, popanda kutaya thandizo lililonse la pachipatalapo. Wina akakuuzani kuti mukakana simuthandizidwa, akulakwa, kaonaneni ndi mkulu wa chipatalacho.

Thandizo lenilenilo limayamba ndi kupima thupi, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi malungo nazonso zimafooketsa mayi woyamwitsa. Kenako uphungu. Nthendayo ikakhala yakula, adokotala amaonjezera mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine, ndipo muwauze kuti mayiwo akuyamwitsa kuti asankhe oyenera. Pamene zinthu zimasokonekera ndi apa. Mankhwalawa satsitsa nthenda tsiku lomwelo ngati panado, amatenga masabata awiri mpaka 6 kuti munthu amve kusintha, pomwe zovuta zake zimabwera msanga: amitriptyline amaumitsa kukamwa ndi kuodzeretsa, n'chifukwa chake amamwedwa usiku. Banja likaona sabata yatha mayi akungogona, limati mankhwala aonjezera matenda, n'kuwasiyitsa. Ena amasiya atangoyamba kupeza bwino, nthenda n'kubwerera. Amayenera kumwedwa miyezi 6 kapena kuposa munthu atapeza kale bwino, ndipo kusiya kwake n'kwapang'onopang'ono, adokotala akudziwa.

Pali zinthu zosadikirira tsiku la sikelo. Mayi akanena zodzipha kapena zovulaza mwana, akamamva mawu amene ena sakumva, akamasokoneza zolankhula kapena kukhala masiku osagona konse, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Kamuzu Central kapena ku St John of God ku Area 43. Asatsale okha ndi mwana. Tameki, mankhwala a mbewu ndi zingwe zichoke m'nyumba, ndipo amitriptyline muzisunga ndinu chifukwa akamwedwa wambiri nthawi imodzi amaononga mtima. Musaope kuwafunsa molunjika ngati amaganiza zodzipha. Funsolo silimupatsa munthu maganizowo, limamutsegulira pakamwa.

Apongozi musakangane nawo. Mantha awo ali ndi pochokera: kwa zaka zambiri munthu akamva za matenda a maganizo ankangoganiza za chipatala cha ku Zomba, ndipo banja limene wina wapitako linkalozedwa chala mpaka pa nkhani za ukwati. Atengeni pa ulendo wotsatira akamve okha kwa namwino, ndipo ngati zavuta ankhoswe akhalepo. Auzeni kuti mwana wawo akudwala nthenda yodza pambuyo pa uchembere, yochizika, ndipo ambiri amachira ali pakhomo pawo. Kenako apatseni ntchito: azitenga mdzukulu maola atatu kapena anayi masana kuti mayi agoneko, inu muzidzuka usiku kusintha matewera ndi kumutonthoza akatha kuyamwa. Mapemphero apitirire ngati banja limapemphera, koma asamuuze mayi kuti akudwala chifukwa chochepa chikhulupiriro, ndipo zakumwa za kwa sing'anga zisasakanizidwe ndi mapiritsi.

Anansi simukakamizidwa kuwauza chilichonse. Mufunseni mayiyo kuti akufuna ndani adziwe, ndipo yambani ndi munthu mmodzi amene iye amamukhulupirira, woti angamuperekeze kuchipatala tsiku limene inu muli kuntchito.