Mfuti ikabedwa m'galimoto, mwini wake alibe mlandu?

Sabata yatha ndinalandira imelo imene yandisowetsa tulo. Bambo wina anasiya mfuti yawo, ya chiphaso bwinobwino, pansi pa mpando wa galimoto n'kukagona. Kutacha anapeza galasi lili mbwee pansi, mfuti palibe. Akazi awo akuti iwonso ndi olakwa, iwo akuti wolakwa ndi wakubayo basi. Akufuna kumva maganizo anga.

Bambo, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndi za achimwene anga, chifukwa powerenga imelo yanu ndimaona nkhope yawo.

Achimwene anga aakulu ndi munthu wosamala zinthu mpaka kutopetsa. Mfuti yawo ankaipukuta Loweruka lililonse ndi kansalu kakekake, zipolopolo ankachita kuwerenga chimodzichimodzi, ndipo usiku inkagona m'sefa. Tsiku lina anafika pamalo pamene salola kulowa ndi zida. Anaichotsa m'chiuno, anaiika m'kabokosi ka kutsogolo kaja timasungamo mapepala a galimoto, n'kukiya zitseko. Anachokapo mphindi 20 zokha. Pobwera anapeza kabokosi kali yasa, mapepala ali pampando. Ndalama zasiliva zimene zinali pomwepo wakubayo sanazikhudze n'komwe.

Ndinawaperekeza kupolisi. Sindiiwala mmene dzanja lawo linkanjenjemera polemba nambala ya mfutiyo, cholembera mpaka kuboola pepala. Pobwerera ndinawauza kuti, "Achimwene, musadziimbe mlandu, wakuba ndi wakuba." Ndinkanena kuchokera pansi pa mtima.

Patapita miyezi 8 apolisi anaimba foni. Mfuti yapezeka. Anaipeza ndi anyamata amene anawombera mlonda pokaba. Mlondayo anapulumuka, koma mwendo wake sunabwererenso mwakale. Palibe amene anawaloza chala achimwene, ngakhale apolisiwo. Koma mfutiyo sanaifunenso, ndipo mpaka lero akaona munthu akutsimphina pamsewu, nkhani imene amakamba imathera pomwepo.

Mawu anga aja ndinawabweza. Inde, wakuba ndi wakuba. Mlandu woswa galasi ndi wake, mlandu wowombera ndi wa amene anawombera, ndipo sindikuwachotsera ngakhale pang'ono. Koma kulakwa kwa fisi sikuyeretsa amene anasiya khola lotsegula, makamaka ngati mbuzi zimene zagwidwa ndi za eni. Apa ndi pamene mfuti imasiyana ndi katundu wina. Akakuberani foni, olira ndinu. Akakuberani mfuti, wolira ndi munthu amene simunamuonepo, amene sanafunsidwe pamene inu mumasankha poisiya.

Ena amati kulankhula chonchi n'kuzunza munthu amene waberedwa kale. Zimandipweteka, chifukwa ndinauona ululuwo ndi maso anga. Koma tsiku limene munasaina mapepala a chiphaso munavomera udindo umene ena alibe. Simungati mfuti ndi chinthu choopsa chokwanira kuteteza banja lanu, kenako n'kuisiya ngati ambulera.

Ndipo galimoto si sefa. Galasi limasweka pa kamphindi, ndipo akuba ambiri sachita kuswa, amangoyenda usiku kuyesa zitseko. Koyamba kupisa dzanja ndi komweko timabisako: m'kabokosi ka kutsogolo, pakati pa mipando, pansi pa mpando wa dalaivala. Ku America, bungwe lolimbana ndi nkhanza za mfuti la Everytown litaunika malipoti a FBI, apolisi ofufuza milandu m'dziko lonselo, linapeza kuti mu 2022 mfuti zoposa theka mwa zonse zimene zinalembedwa kuti zabedwa zinachokera m'galimoto, pafupifupi imodzi pa mphindi 9 zilizonse. Mzinda wa Memphis ndiwo unali patsogolo, m'chigawo cha Tennessee chimene mu 2014 chinalola anthu kuyenda ndi mfuti m'galimoto popanda chilolezo chapadera.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi zomata. Munthu kumata chizindikiro cha kampani yopanga mfuti pagalasi lakumbuyo, kenako n'kuimika galimoto pamsewu usiku wonse! Akuganiza kuti akuopseza akuba, pamene akuwalozera poyambira.

Nanga malamulo amati chiyani?

Amasiyana dziko ndi dziko. Ku South Africa, lamulo la mfuti la 2000 limati kutaya mfuti chifukwa chosaitsekera kapena chosaisamala ndi mlandu paokha, ndipo mwini wake ayenera kukanena kupolisi pasanathe maola 24. Mumzinda wa San Francisco ku America, mu 2015, mayi wina dzina lake Kate Steinle anafa ndi chipolopolo cha mfuti imene inabedwa masiku ochepa m'mbuyo mwake m'galimoto ya wogwira ntchito m'boma. Chaka chotsatira chigawo cha California, mmene muli mzindawo, chinalamula kuti ngakhale apolisi, akamasiya mfuti yaing'ono m'galimoto, aziikiyira m'buti kapena m'bokosi lokhoma losaonekera. Taonani, anadikira maliro kuti alembe chinthu chimene aliyense ankachidziwa kale. Malo ena lamulo lili chete, koma achimwene anga angakuuzeni kuti chete wa lamulo sagonetsa munthu tulo.

Ndikuvomereza kuti nthawi zina munthu amakakamizika, monga zinawachitikira achimwene pamalo paja. Koma zimenezo zimadziwikiratu usananyamuke. Ngati kumene ukupitako salola zida, isiye m'sefa kunyumba. Zanu, bambo, n'zolemererapo, chifukwa nyumba inali pomwepo, masitepe ochepa chabe.

Ndiye yankho langa ndi lakuti akazi anu sakunama, ndipo wokutsina khutu ndi mnansi. Si inu mbava, koma gawo lanu lilipo. Mukadzakhalanso ndi mfuti, isadzagonenso m'galimoto. Pamene palibe kuchitira mwina, chotsani zipolopolo, ikani m'kabokosi kachitsulo kokhoma komangirira ndi waya ku chitsulo cha mpando, ndipo muchite zimenezi musanafike poimika, anthu asakuoneni. Ngati nambala ya mfuti yabedwayo simunaipereke kupolisi, pitani lero lomwe, musadikire mawa.